Zida za luso la ana zomwe tinagulira kampu ya Ogasiti: zapirira dzuwa ndi mvula ndi ziti?

Pa kampu ya ana ya tchuthi chachikulu kumpingo kwathu kuno ku Lilongwe, mbali ya luso la manja inapatsidwa kwa ine. Kampuyo inali mu Ogasiti chaka chatha, pano tili mu Meyi. Zida zomwe tinagula sitinazitsekere kampu itatha, takhala tikuzitulutsa Loweruka ndi ana omwewo, a zaka 5 mpaka 12. Zagona m'kachipinda kamalata kopanda siling'i, zaona kutentha kwa Okutobala ndi chinyontho cha dzinja lonse. Inu amene mwayamba kusonkha ndalama za kampu ya chaka chino, mvani momwe zathera.

Ndalama zambiri zinapita pa bokosi lalikulu lochokera kunja, lija amaikiratu zonse: ma marker amitundumitundu, guluu wa m'timachubu topotokola, tonyezimira, timapepala todulidwa kale tomata. Chitsikire mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wotere mtengo wake ndi wosayamba. Ana analikonda, ndisaname, tsiku lotsegula bokosi kunali chisangalalo. Koma ma marker anauma kampu isanathe, chifukwa mwana wa zaka 6 sakumbukira kubwezera chivindikiro. Guluu uja anafota m'machubu mwake pofika Okutobala. Tonyezimira tokha ndi tomwe sitikutha, mpaka lero tikutipezabe m'mabaibulo a Sande sukulu. Chomwe chinandinyansa kwambiri n'choti timapepala todulidwa kale timamulamula mwana zochita: gulu lonse linatulutsa agulugufe ofanana ndendende, osadziwika kuti uyu ndi wa ndani. Bokosi lotere sindidzagulanso.

Makirayoni ali pakatikati. Amapangidwa ndi phula longa la makandulo, ndipo phula siligwirizana ndi denga lamalata. Kunja kukamatentha kupitirira madigiri 30, m'kachipinda muja mumaposa pamenepo. Otchipa aja, okhala ndi phula lambiri utoto pang'ono, anapindika n'kumatirirana. Mabokosi ochepa a Crayola omwe kholo lina linapereka anangothyokathyoka ngati makirayoni ena onse, koma mtundu wake ukuwalabe papepala. Titawasamutsira pansi pasimenti, m'ndowa yovindikira, vuto lofewa linatha. Tizidutswa timatisonkhanitsa potengera mtundu, kutiika m'chitini, chitinicho m'poto wa madzi otentha, kenako kuthira phulalo m'zitsekerero zikuluzikulu za zigubu. Mumatuluka makirayoni onenepa omwe ana ang'onoang'ono amagwira bwino kuposa oonda aja. Ntchito yosungunulayi ndi ya akuluakulu, ndipo chitini chisakhale pamoto penipeni chifukwa phula limayaka.

Penti tinagula wa mitundu iwiri. Wosungunula kale wa m'mabotolo anayamba kununkha mu Januwale, ena anachita chuku pamwamba, makamaka mabotolo omwe ana ankaviikamo burashi yakuda. Wa ufa akadalipo wambiri, popeza timasungunula wokwana tsiku limenelo basi. Mukagula wofiira, wachikasu, wabuluu, woyera ndi wakuda, mitundu inayo ana apanga okha, ndipo nkhope ya mwana amene waona koyamba buluu ndi chikasu zikubala mtundu wobiriwira ndi yofunika kuiona. Wofiira atachepa tinasefa katondo n'kuthiramo guluu pang'ono, anagwira bwinobwino pakatoni.

Guluu ameneyu ndi woyera uja wa akalipentala, wa PVA, wogula kuhadiweya m'chigubu. Pa zonse zomwe tinagula, uyu ndiye wabweza ndalama zake. Amamata pepala, nsalu, timitengo ndi njere. Mukamusungunula ndi madzi n'kupaka pamwamba pa chojambula, amauma moonekera mkati ndipo penti sayoyoka. Mvula yokha ndiyo sapirira: akanyowa amayeranso n'kufewa. Chigubu muzitseka msanga, apo ayi pamwamba pamachita chikhungwa.

Pa zinyama ndi mbale zoumba ndi mapepala a nyuzi tinagawa pawiri. Zina tinamata ndi phala la ufa wa chinangwa, lomwe ndi lotchipa ndipo ana amatha kuviikamo manja popanda nkhawa. Zina ndi guluu wosungunula. Mu Ogasiti, nyengo youma, zonse zinauma gwaa, kusiyana kunalibe. Dzinja ndilo linaweruza. Za phala zinayamba kufewa, mphemvu zinalowa, kenako makoswe anamaliza ngakhale tinali titathiramo mchere. Za guluu zikadali pashelefu. Phala la chinangwa ndi labwino pa chinthu chomwe mwana atenge tsiku lomwelo kukaonetsa kwawo, osati chosunga.

Masizasi tinagula mitundu iwirinso. Apulasitiki okhaokha sadula nsalu, amangoitafuna, ndipo onse anathyoka pakati. Achitsulo osasongoka kumapeto ali moyo, kungowadontheza mafuta a makina osokera dzimbiri likayamba. Kumbukirani ana amanzere. Ife tinali nawo, ndipo sizasi wamba imawabisira mzere womwe akudula.

Dongo sitinagule, koma ndi lomwe latiphunzitsa zambiri. Agogo ena amumpingo, omwe anaumba mbiya kwawo kumudzi kwa zaka zambiri, anatiperekeza kudambo kukakumba. Ana ankafuna kuyamba kuumba pomwepo. Agogowo anakana, anawakhazika pansi kutola timiyala ndi mizu, kusinja mapale akale n'kusakaniza ndi dongolo, kenako kulikanda mpaka manja kuwawa. Mapale osinjawo amathandiza kuti choumba chisang'aluke pouma ndi powotcha. Anatiuzanso kuti zoumba ziume pamthunzi kwa sabata kapena ziwiri, osati padzuwa. Ng'ombe zina zamimba zikuluzikulu zinaphulikabe pamoto, chifukwa madzi otsalira mkati akasanduka nthunzi amasowa potulukira. Ulendo wachiwiri agogo anauza ana kuti azibowola kumimba ndi kamtengo, ndipo sizinaphulikenso. Ana ena anakana kuti zawo ziwotchedwe, kuopa kuti zikhala zakuda. Zimenezo denga litadontha zinabwerera kukhala matope. Zowotchazo, zakuda mbali imodzi zofiira mbali ina, zilipo zonse. Dongo limasinthiratu likapsa kufika cha m'ma madigiri 600, ndipo moto wa nkhuni ndi udzu wa m'dzenje umafikako. Kunyezimira kwa makapu a ku Dedza Pottery musakuyembekezere, kuja kumafuna uvuni wotentha kwambiri kuposa apa. Makolo ena anadandaula kuti ana akubwera kunyumba ali matope okhaokha, ena anafunsa ngati anasonkha ndalama kuti mwana akaumbe ng'ombe ngati kumudzi. Ndinawamvetsa, koma Loweruka la dongo ndi lomwe ana sajomba.

Malaya onyika mu utoto anatuluka mosiyanasiyana. Tinagula ma T-shirt oyera pakaunjika. A thonje lenileni anamwa utoto, ndipo ana akuwavalabe ngakhale afwifwa pang'ono. Osakaniza ndi polyester anasuluka pochapa koyamba, chifukwa utoto wa thonje sugwira ulusi wapulasitiki. Chikalata cha pakhosi chikakhala kuti chinadulidwa, sololani kaulusi m'mphepete n'kukayatsa: thonje limapsa n'kusiya phulusa, polyester amasungunuka n'kuundana kampira kolimba. Utoto ndi madzi otentha tinkagwira akuluakulufe, titavala magolovesi. Ana ankangomanga nsalu ndi mphira.

Mikanda ing'onoing'ono inatha msanga, yambiri inalowa m'ming'alu ya simenti. Ndi yoopsanso kwa ana osakwana zaka 3 omwe amabwera kumbuyo kwa azikulu awo, amaponya m'kamwa kapena m'mphuno. Tinasintha n'kuyamba kupota mikanda ya mapepala a makalendala akale, kupaka guluu pamwamba. Zibangili zake zikulimba ndithu. Nsanza za zitenje timakatenga kwa atelala apamsika, omwe amasangalala kuti wina wawachotsera zinyalala. Atsikana ndi anyamata omwe aphunzira kusoka tizikwama ndi zidole.

Magalimoto a mawaya sanali pa ndondomeko. Anyamata akuluakulu anayamba okha, ife tinangowagulira mapulayala awiri ndi mkulunga wa waya, pofuna kuti asamakadule mipanda ya eni ake. Waya wakuda womangira zitsulo za nyumba ndi wofewa, wosavuta kupinda, koma dzinja anachita dzimbiri n'kumadetsa manja. Waya woyera uja sachita dzimbiri msanga, kungoti amafuna dzanja lamphamvu. Nsonga zonse timazipindira mkati chifukwa zimakanda.

Komiti ya kampu yandipempha mndandanda wa chaka chino. Ndalembapo chigubu chachikulu cha guluu wa akalipentala, penti wa ufa wofiira ndi wachikasu, masizasi achitsulo owonjezera kuphatikizapo amanzere, maburashi okhuthala, waya woyera, ndowa zovindikira, ndi kangachepe kothokozera agogo aja. Ena m'komiti akufunabe bokosi lakunja, akuti limakopa makolo pa tsiku lolembetsa ndipo zithunzi zake zimaoneka bwino pa Facebook. Tikakambirana Lamulungu tikaweruka kutchalitchi.