Ndemanga yanga pa GALA Hispanic Theatre ya ku Washington nditaonerako masewero kawiri

Ndimakhala ku Maryland ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Anzanga ambiri kuntchito ndi amayi ochokera ku El Salvador, Guatemala ndi Honduras. Mmodzi wa iwo, amene timalandirana nawo shifiti ya usiku, ndi amene anandiumiriza kuti tikaonere sewero ku GALA Hispanic Theatre. Poyamba ndinakana, poti Chisipanishi changa chimathera pa moni ndi zikomo. Iwo anangoti, "Achemwali, tiyeni, mukawerenga pamwamba." Pano ndapitako kawiri, ndipo ndikufuna Amalawi anzanga a ku Washington, Maryland ndi Virginia adziwe kuti malo amenewa alipo.

Dzina loti GALA ndi chidule cha Grupo de Artistas Latinoamericanos. Gululi linayambitsidwa mu 1976 ndi Hugo Medrano wa ku Argentina pamodzi ndi mkazi wake Rebecca Read Medrano. Chaka chomwecho asilikali analanda boma ku Argentina, pamene ku Chile Pinochet anali kale pampando kuyambira 1973, ndiye anthu a zisudzo ndi alembi ambiri ankathawa kwawo. Ena mwa iwo anapeza pofikira m'kagulu kameneka, komwe kanayambira m'nyumba wamba ku Adams Morgan. Mu 2005 anasamukira m'nyumba ya Tivoli ku Columbia Heights, pa 14th Street. Inamangidwa mu 1924 ngati holo ya kanema, kenako inakhala yotseka zaka zambiri kuchokera mu 1976. Bambo Medrano anamwalira mu 2023 koma ntchito yawo sinaime.

Holo yawo ili m'mwamba mwa nyumbayo, pansi penipeni pa denga lakale lozungulira ngati chipanda chovundikira, lokongoletsedwa mwaluso. Mipando siyikwana 300, ndipo inakonzedwa mokwera, moti palibe mutu wa munthu umene umakutchinga. Wosewera akanong'ona mumamva.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya chilankhulo. Kuno tinazolowera kuti Chingerezi ndiye chimatsogola, ife obwera n'kumathamangira pambuyo, kumasulira m'mutu tisanayankhe. Ku GALA osewera amalankhula Chisipanishi, ndipo Chingerezi ndi chimene chimaikidwa m'malemba pamwamba pa siteji. Pa sewero loyamba lija ndinaona kuti kuseka kumabwera kawiri. Eni chilankhulo amayamba kuseka mawu asanathe n'komwe, kenako ife owerenga timatsatira. M'kanthawi kakang'ono kameneko ndinkayang'ana nkhope ya mnzanga uja. Kuntchito ndi mayi wofatsa, wolankhula motsitsa, wopepesa nthawi zonse chifukwa cha Chingerezi chawo. Pamenepo anali kuseka mpaka kupukuta misozi, n'kumandikodola kuti ndisaphonye. Zaka zonse zimene tagwira ntchito limodzi ndinali ndisanawaonepo ali omasuka choncho.

Ulendo wachiwiri tinapita kukaonera achinyamata a Paso Nuevo, pulogalamu yaulere imene GALA imachititsa ana a sekondale akaweruka kusukulu. Amalemba okha nkhani zawo n'kuzisewera, mosakaniza Chisipanishi ndi Chingerezi monga mmene amalankhulira tsiku ndi tsiku. Ambiri ndi ana a anthu obwera, ena anabwera okha atakula kale kudzakumana ndi makolo amene anawasiya ali makanda. Mtsikana wina anaima yekha pakati pa siteji atagwira foni, akulankhula ndi agogo ake amene anamulera. Ankawauza kuti zonse zili bwino, sukulu ikuyenda, amayi akumusamala, uku dzanja linalo likufinya m'mphepete mwa juzi yake. Foniyo itaduka sanalire. Anangoiika m'thumba n'kukhala chete nthawi yaitali, holo yonse ili zii.

Ine ndinasiya mwana wanga wamwamuna kwa mayi anga ku Ntcheu ali ndi zaka 4. Mawu amene mtsikanayo ankanena ndi omwewo amene mwana wanga amandiuza pa WhatsApp Lamlungu lililonse. Ndinali ndisanaganizepo zoti mwina dzanja lake linalo limakhala likufinya china chake. Mnzanga uja anandigwira pabondo osanena kanthu. Nawonso ali ndi mwana wamkazi ku San Miguel, kwawo ku El Salvador, amene sanamuone kwa zaka zambiri. Anthu a ku El Salvador anayamba kuchuluka m'dera lino nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya kwawo, kuyambira 1980 mpaka 1992, ndipo lero ndi amene ali ambiri pakati pa olankhula Chisipanishi kuno. Nkhani za kusiyana kwa mabanja akhala nazo nthawi yaitali kuposa ife, ndipo anapeza pozikambira.

Achinyamatawo si akatswiri. Wina amathamanga polankhula, wina amaiwala kuyang'ana anthu. Koma palibe amene ankapempha kuti timumvere chisoni, ndipo zimenezi ndinazilemekeza. Panali nthabwala zambiri, za azakhali ofuna ndalama mwezi uliwonse, za kumasulirira makolo kalata ya kuchipatala uli ndi zaka 10. Ndinakumbukira masiku amene tinkadzaza French Cultural Centre ku Blantyre kukaonera a Kwathu, mmene tinkasekera mavuto athu omwe chifukwa ankanenedwa m'Chichewa, ndi anthu owadziwa.

Kwa amene mukufuna kupita, matikiti ndinagula pa intaneti popanda vuto, ndipo olandira alendo pakhomo amalankhula zilankhulo zonse ziwiri. Ngati mudalira malemba a Chingerezi, sankhani mpando wa pakati kapena chakumbuyo pang'ono kuti maso azigwira osewera ndi malemba nthawi imodzi. Mphindi zoyambirira zimavuta, kenako mumazolowera. Galimoto isiyeni kunyumba, chifukwa poimika m'dera limenelo ndi povuta madzulo. Kwerani Metro ya Green Line mutsikire pa Columbia Heights, n'kuyenda pang'ono. Chaka chilichonse amakhalanso ndi chikondwerero cha gule wa flamenco, komanso masewero a ana otchedwa GALita, omwe ndi abwino ngati muli ndi ana amene akuphunzira Chisipanishi kusukulu.

Titatuluka tinakadya pupusa pamalo ena apafupi, timikate ta ufa wa chimanga tokhala ndi nyemba ndi tchizi m'kati, todyera ndi kabichi wowawasa. Fungo la chimanga chopsa pachiwaya ndi lomwelo la kwathu. Ndili pa siteshoni kudikira sitima ndinawerengetsa maola, ndinapeza kuti ku Ntcheu kunali kusanache. Ndinadikira mpaka nditafika kunyumba, ndinamuimbira mwana wanga asanapite kusukulu, ndipo atati zonse zili bwino ndinamufunsanso kachiwiri.