ThinkHazard!, chida chokumbutsa omanga nyumba za chivomerezi

Munthu amene sanaonepo khoma likugwa ndi chivomerezi saona chifukwa chogulira zitsulo ndi simenti yowonjezera, ndipo mmisiri akamuuza kuti nyumba ikufunika lamba wa konkire womanga makoma onse pamodzi pamwamba pa mawindo, amaganiza kuti akungofuna kumudyera ndalama. N'chifukwa chake ndikuyamikira ThinkHazard!, chida chaulere cha pa intaneti chimene chinakhazikitsidwa ndi bungwe la GFDRR, loona za kuchepetsa ngozi zogwa mwadzidzidzi, lomwe limayendetsedwa ndi World Bank.

Mukalemba dzina la dziko kapena chigawo, chimakuuzani ngati chiopsezo cha chivomerezi kumeneko n'chachikulu, chapakati, chochepa kapena chochepetsetsa. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti chimayeza chiopsezocho pa zaka 50 zikubwerazi, moti munthu wonena kuti "chibadwire changa kuno sikunagwedezekepo" amayamba kuganizira ana amene adzagone m'nyumbamo iye atatsikira kuli chete.

Kuiwala zivomerezi zakale kumaphetsa anthu. Mu Januwale 2010 chivomerezi cha mphamvu ya 7.0 chinapha anthu oposa 100,000 ku Haiti, kumene mzinda wa Port-au-Prince unali utakhala zaka zoposa 200 osagwetsedwa chotero, ndipo nyumba zambiri zinamangidwa popanda woyang'anira. Mwezi wotsatira, chivomerezi cha 8.8 chinapha anthu pafupifupi 500 ku Chile, dziko limene silinaiwale chivomerezi cha 9.5 cha mu 1960 ndipo limatsatira malamulo okhwima a kamangidwe.

Komabe chidachi chili ndi malire amene amandidetsa nkhawa. Chimapereka mlingo umodzi kwa chigawo chonse, pomwe nthaka yofewa imagwedezeka kwambiri kuposa thanthwe, monga zinaonekera ku Mexico City mu 1985, pamene nyumba zomangidwa pamalo amene kale panali nyanja ndi zimene zinagwa kwambiri. Wina akaona mawu akuti "chochepa" angatayirire n'kusiya kulimbitsa ngodya za makoma. Malangizo akenso analembedwera akatswiri okonza mapulani, osati mmisiri wogwira njerwa.

Ndikulangiza kuti muchitsegule musanakumbe maziko, kenaka zimene mwapezazo mupite nazo kwa injiniya kuti akapime nthaka ya pamalo panu penipeni.