Wailesi ndi Facebook kwa Nzika ya mu Lusaka

Nzika ya mu Lusaka imene ikufuna kudziwa za ufulu wake kawirikawiri imatchera khutu ku wailesi kapena imatsegula Facebook, ndipo njira ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Wailesi imafika paliponse: mayi wogulitsa tomato pamsika wa Soweto amamva nkhani m'Chinyanja pa wailesi ya boma ya ZNBC Radio 1, imene imaulutsa m'zilankhulo 7 za m'dziko muno la Zambia, uku manja ake akubweza chenji. Wailesi ilinso ndi woiyang'anira, bungwe loona zoulutsa mawu la Independent Broadcasting Authority (IBA), kotero woulutsa bodza amadziwika ndipo angafunsidwe. Komabe bungwe lomwelo ndi limene linalanda chiphaso cha wailesi ya kanema ya Prime TV mu 2020, ndipo pa pulogalamu yoimbira foni munthu amadulidwa nthawi ikatha, funso lake lisanamveke bwino.

Pa Facebook palibe wodula mnzake pakamwa. Mnyamata wa m'komboni ya Kanyama angajambule madzi osefukira pakhomo pake m'dzinja, n'kufunsa khansala wake anthu onse akuona, pogwiritsa ntchito ufulu wolankhula umene Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limateteza. Vuto ndi lakuti kumeneko mphekesera imathamanga kuposa choonadi, ndipo intaneti imadya ndalama. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, Facebook ndi WhatsApp zinatsekedwa, pamene wailesi inapitiriza kulankhula.

Ine pa nkhani za chisankho ndimakhulupirira wailesi, ngakhale kuti madandaulo a zinyalala zounjikana m'komboni mwathu ndimawalemba pa Facebook.