Wokonza makompyuta pakhomo ku Salima: ntchito yabwino, koma konzekerani kudikira

Laputopu yanga itayamba kuzima yokha ikatentha, ndinaitengera kwa bambo ena amene amakonzera makompyuta m'chipinda cha nyumba yawo, pafupi ndi msewu wopita ku Senga Bay. Chimene chinandisangalatsa ndi momwe amagawira mtengo: ndalama yofufuzira vuto payokha, ya ntchito payokha, ya zipangizo payokhanso, ndipo sasintha chilichonse mwini wake asanavomere. Anapeza kuti fani inali itadzaza fumbi, vuto lofala kuno kumene kutentha kwa mwezi wa Okutobala sikuchitira chifundo makina, ndipo ataipukuta n'kupaka thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha) yatsopano pa purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, kuzimako kunatheratu.

Pa zipangizo m'pamene thumba limapepuka. Anandilangiza kuchotsa hard disk, chipangizo chosungira mafayilo, n'kuika chamakono chotchedwa SSD, popeza SSD ilibe mbali zozungulira ndipo imatsegula Windows msanga, koma amakaigula ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, choncho ndalama ya minibasi imalowa mumtengo. Katundu wochokera kunja anakwera kwambiri kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, motero sindinawaimbe mlandu atakana kundilonjeza kuti mtengo wa lero udzakhala womwewo sabata yamawa.

Chodandaulitsa n'chakuti sapereka lisiti pokhapokha mutapempha, ndipo magetsi akazima ntchito imaima chifukwa alibe sola. Ndinadikira masiku 3 m'malo mwa limodzi, ndipo ndinalipira pa foni nditatsimikiza kaye kuti mafayilo anga onse alipo.