Gephi ndaiyesa pa makalabu a alimi kuno ku Kasungu

Anzanga amene mumagwira ntchito ndi makalabu a alimi kapena banki mkhonde, pulogalamu ya Gephi, yojambula mmene anthu amalumikizirana, muiyeseko. Ndi yaulere, anaiyamba ndi ophunzira a pa yunivesite ya ku Compiègne ku France mu 2008, imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, ndiye pakufunika kompyuta.

Ineyo ndinafunsa alimi a cha ku Santhe funso limodzi basi, mukasowa mbewu kapena malangizo a feteleza mumathamangira kwa ndani? Mayankho ndinalemba mu Excel, mzere wotsika wina Source (amene wayankha) wina Target (amene watchulidwa), nkusunga ngati fayilo ya CSV, nkulowetsa mu Gephi. Ukadina ForceAtlas 2 timadontho toimira anthu timayamba kuyendayenda mpaka anthu odalirana aunjikana pamodzi, kenako ukadina Modularity imawagawa m'magulu potsata njira ya masamu yotchedwa Louvain, imene inachokera ku Belgium mu 2008 momwemo. Apa mpamene inandigwira mtima, chifukwa magulu omwe anatuluka sanali makalabu olembedwa m'kaundula aja ayi, anali anthu enieni obwerekana ndowa ya chimanga njala ikavuta, ndipo mayi wina amene sali mu komiti iliyonse ndi amene anaoneka kuti akulumikiza midzi iwiri, tikanangodalira atcheya sitikanamudziwa nkomwe.

Koma dziwani ichi musanaikhulupirire kwambiri. Modularity imangoona kuti uyu walumikizana ndi uyu. Zoti uyu ndi wa CCAP uyu wa Katolika, uyu amalima fodya uyu soya, uyu ndi mkamwini wobwera, sizilowa m'masamu ake, pomwe kwathu kuno mpingo ndi ubale ndi zimene zimamanga anthu. Zimenezo umalemba wekha mu tebulo la Nodes (mndandanda wa anthuwo) nkupaka timadontho mitundu pa Partition, kenako nkumafananiza ndi maso. Munthu amene sanatchule wina komanso sanatchulidwe amangotsala yekha pambali olo akhale wa mudzi womwewo. Komanso ukaiyendetsa kachiwiri magulu amatha kusinthako pang'ono, ukasintha nambala ya Resolution ya pa Modularity amachuluka kapena kuchepa, ndiye osathamangira kukalengeza ku msonkhano.

Chichewa mulibemo, konzekerani chizungu. Ndipo chonde m'malo mwa mayina a alimi ikani manambala, nkhani ya amene amakongola kwa mnzake si yoonetsa pa projekita.