Kometetsa ana ku Kapata, baba uja anandichititsa manyazi

Amayi anzanga amene muli ndi ana oopa mashini ometera, ndati ndikuuzeni za ka baba shopu kena kufupi ndi msika wa Kapata ku Chipata, kopaka penti ya buluu, chikwangwani chomwe kalibe. Wanga wa zaka 3 akangomva kulira kwa mashini amakuwa ngati akumupha, mwezi watha kwina tinabwerako mutu atameta mbali imodzi.

Loweruka tinakwera njinga kupita ku ka shopu ka buluu kaja ine nditatopa kale, zovala ndazisiya zonyika m'bafa, ndiwo sindinagule. Kungomukhazika pampando basi wayamba, kupalapata, mamina mbwee, ine mtima fwaa ndavula kale patapata. Mnyamata wometayo anangozimitsa mashini n'kuti, "Amayi, khalani apo mupume, tisiyeni amuna okhaokha." Anamupatsa mashini ozimitsa kuti agwire, kenako anayatsa n'kuika padzanja lake iye mwini, ndiye pakadzanja ka mwana kuti amve kuti amangonjenjemera saluma. Anayambira kunkhongo pang'onopang'ono, mwana akagwedeza mutu iye waima, kudikira, "abwana, tipitirize?" Mphindi 40 kamutu kamodzi ka K20!

Ine pabenchi paja manyazi, chifukwa sabata yomweyo ku chigwirizano ndine ndinawerenga Agalatiya 5:22, kuleza mtima kuli pomwepo pa chipatso cha Mzimu, ndinafotokozanso bwino azimayi mpaka ameni. Koma kunyumba ndi kukalipa kuyambira pa phala mpaka posamba, oyandikana nawo amalidziwa liwu langa kuposa dzina.

Zaukhondo ali bwino, mashini amapukuta ndi sipiliti inu mukuona, ndipo ali ndi ena a batire ndiye malaiti akapita ntchito siiima. Chovuta malo ndi ochepa, benchi imodzi yokha, wailesi amakweza kwambiri, komanso poti sathamanga Loweruka mudzadikira ndithu, abambo ena anatopa n'kunyamuka. Pitani mkati mwa sabata m'mawa, mutengeko ka bisiketi.

Dzulo posamba kanayambanso kulira, ndinaluma mlomo n'kukapatsa sopo kuti kagwire kokha. Tinatha madzi atazizira, nsima ndinaphika mochedwa, atate ake n'kumafunsa ngati ndadwala poti m'nyumba munali zii. Kumapeto kwa mwezi tipitanso komweko.