Kokonzetsa foni ku Katondo Street

Amene mumafunsa kokonzetsa foni mu tauni muno mu Lusaka, ine ndimapita pa kashopu ka anyamata awiri a ku Katete, ku Katondo Street kufupi ndi Town Centre. Ntchito amaidziwa, sikirini amasintha uli pompo ukuona, ndipo amakuuziratu ngati sipeya ili yeniyeni kapena yotchipa usankhe wekha. Mtengo wawo ndi wokwererako pang'ono, ndipo ali ndi benchi imodzi basi, magetsi akathima udikira ndithu.

Koma chimene ndimawakondera kwambiri ndi kalankhulidwe. Foni ya amayi anga itasiya kuchaja, mmodzi wa anyamatawo anati "amama batire ili bwino, pobayira chaja ndi pamene padzaza fumbi, tipukuta, koma musamaichajire pansi pa pilo imatentha", amayi anamva zonse osandiyang'ana kuti ndiwamasulire, mpaka anafunsa okha chimene chimawadyera mabandulo usiku. Kwina amangokuthira Chizungu kuti uope ulipire msanga.

Ndikudziwa alipo amene amati batire, chaja, netiweki, mabandulo zikuononga chilankhulo chathu, tizinena lamya ya m'manja. Ndimawamvetsa, lamya ndi mawu okoma ndipo sindikufuna atayike. Koma nsapato ndi mbatata tinatenga kwa Apwitikizi kalekale, sukulu, buku, tebulo kwa Angerezi, lero ndani amati si zathu? Mawu akalowa mkamwa mwathu amamvera malamulo athu, timati ndachaja, sikuchajika, ndichajireni, mzungu sangatolepo kanthu pamenepo. Chimene chimandiwawa ine ndi china, manyazi. Mu 2014 boma litayamba zoti ana a Giredi 1 muno mu Lusaka aziphunzira m'Chinyanja makolo ambiri anakwiya ngati ana awo alandidwa tsogolo, ndipo maganizo omwewo ndimawaona m'mashopu, munthu wobadwira ku Chipata akulankhula ndi gogo Chizungu chokhachokha poti nkhani ndi ya foni. Anyamata awa alibe zimenezo, pomwe mawu athu alipo amanena athu, pomwe palibe amabwereka nkupitiriza ntchito, kasitomala nkumva.

Mukamapita pitani m'mawa, Loweruka masana pamadzaza zedi, ndipo muchotse simu ndi memore khadi musanasiye foni, iwonso amakukumbutsani.